Kamutu ka Pakatani

Evelina ankakolopa pakhonde pamene anaona kuti Rachel wakhalanso pomwe paja, pansi pa mtengo wa mapeyala, laputopu pamiyendo, maso ali pa boyizikota. Inu, ku Area 47 kuno mwana wa bwana sayang'ana chipinda cha wantchito choncho popanda chifukwa.

Nkhani yake ndi iyi. Tsiku lomulemba ntchito, Mayi Zikhale ananeneratu, "Wa mwana ayi, ndinatopa nazo." Evelina anati alibe. Koma alipo! Efelo, kamtsikana kongoyamba kumene kuyankhula, kamene kankakhala ndi achemwali ake a Evelina ku Nathenje mpaka pamene iwo anadwala. Ndiye akanatani? Anakabweretsa mobisa n'kumakatsekera m'chipinda chake kuseriko. Mwamwayi n'kofatsa, sikaliralira. Koma madamu akangodziwa, ntchito yatha, pogona patha.

Tsono Rachel ameneyu, chitsiriza wa pakhomopo, wangolemba Fomu 4 ndipo wapenga ndi zopanga magemu a pakompyuta. Amajambula ndi timabokosi ting'onoting'ono, ati mapikiselo, kamodzikamodzi ngati akulumikiza mikanda. Zoyamba zake, abale, zinali zoseketsa. Udzu wobiriwira ngati wapulasitiki, thambo lothobwa m'maso, mithunzi yakuda bii ngati oyilo wotayika. Kamunthu kothamanga mu gemumo kamachita kusowa, osaoneka. Mphunzitsi wake wa zojambulazi ku City Centre anamuuza kuti chithunzi chakumbuyo sichiyenera kukuwa. Achepetse mitundu, adziwe kumene kuwala kukuchokera, ndipo akayang'ane khoma lenileni. Makoma onse a mu Lilongwe muno, iye n'kusankha la Evelina!

Dzuwa litapendeka, Evelina anamupititsira tiyi, cholinga asuzumireko.

"Anti, taonani! Zayamba kubwera tsopano."

Evelina anawerama. Boyizikota yake inali pomwepo, yokongola kuposa yeniyeni. Mbali yowombedwa ndi dzuwa inali yachikasu chofunda, mbali inayo yapepo, mpanda wakutali wotuwa ngati uli mu utsi. Dzuwa lolowera pawindo lakumbuyo linkayatsa katani yakutsogolo ngati nyale. Ndipo pakatanipo panali kamthunzi. Kamutu kozungulira, tsitsi lomangidwa pawiri.

Evelina anaweramuka msanga.

"Kameneka ndiye kandipulumutsa," anatero Rachel. "Kodi mumaikapo chiyani pamenepa?"

"Ndi... ndi ketulo."

"Ketulo wa makutu awiri? Anti inu!" Rachel anaseka mpaka tiyi kutayikira.

"A Rachel, chonde, fufutani kameneko."

"Iii, ayi! Ndikakachotsa windo lingokhala bokosi lachikasu. Mthunzi ndi umene ukuonetsa kuti m'katimo mukuwala. Ndinayesa wakuda, zinanyansa, koma wapepowu ndiye wagwira. Ndipo Mami akuti aone kaye akabwera, mawa ndikapereke kwa aphunzitsi."

Rachel ndi mwana, angakhulupirire za ketulo. Koma Mayi Zikhale? Munthu woti akalowa m'khitchini amadziwa kuti supuni yasuntha! Anathamangira kuseri, anatsegula chitseko n'kupeza Efelo ataima pabedi, akusewera ndi katani ija. Anamutsitsa mwamphamvu mpaka kamwanako kanakwinya milomo, kosalira. Iye ndi amene analira. Anayala chitenje pansi n'kuyamba kuponyamo zovala, uku akuganiza kokagona. Kwa mnzake wina wa ku Area 1? Amene uja amagona ndi matumba a kaunjika, mwendo ulibe poponda. Kumudzi? Kukadya chiyani?

Hutala inalira pageti.

Anapukuta nkhope, anatseka chitseko, anakatsegula geti. Galimoto isanazime n'komwe, Rachel anali atafika kale ndi laputopu yake. "Mami, Mami, bwerani muone!" Evelina analandira chikwama cha madamu n'kuima nacho pambali ngati mtengo. Anaganiza zogwada aulule yekha asanafunsidwe, mwina akanamuchitira chifundo chogonako lero lokha. Koma anangokumbatira chikwamacho.

Mayi Zikhale anavala magalasi. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anatukula maso kuyang'ana boyizikota, kenako Evelina, kenako chithunzi chija. Nkhope osasintha. Amene amawadziwa amati akakhala chete choncho ndiye kuti zavuta, wa m'dimba wakale anachotsedwa popanda ndi liwu limodzi lokweza.

"Kodi sichabwino?" anafunsa Rachel, mawu atachepa.

"Khomali wakhoza," anatero mayiwo. "Mpandanso uli bwino, sukulimbana ndi maso ngati zakale zija."

Chala chawo chinayenda pagalasi pang'onopang'ono n'kukaima pawindo. Evelina anatsinzina.

"Koma apa walakwitsa. Onjezera timabokosi tako m'masayamu. Ndi phala lansinjiro limene ndimakamudyetsa mayi wake akapita kogula buledi, Efelo sangakhale wowonda chonchi."