Maluwa a Sikisi Koloko

"Amayi, kodi foni imadziwa mwini wake akafa?" mwana anafunsa tsiku lina, amake n'kumukalipira.

Funsolo linawabwerera Lachinayi, ataima pakhomo pa atelala, neba wawo wokhala yekha. Makina osokera anali asanalire masiku awiri, makatani ali chitsekere. Komatu m'mawa uliwonse sikisi koloko, moni wa bambowo wokhala ndi chithunzi cha maluwa unkafikabe pafoni, mayiwo n'kumayankha kuti "Tadzuka."

Anagogoda, koma kunali zii. Anaitana kalipentala kudzathyola loko.

Anapeza atelala ali thapsa m'bafa, mwendo utathyoka, milomo itauma gwa.

"Mwachedwatu, aneba," ananong'ona. "Matailosi onsewa ndawawerenga kasanu."

"Nanga maluwa aja amatumiza ndani?"

"Mwana wanga anaitchera foniyo kuti izitumiza yokha. Akuti ndikaiwala moni, anthu amada nkhawa."

Mayiwo anawamwetsa madzi ndi supuni.

"Mukachira, ndizigogoda pakhoma m'mawa uliwonse."

"Ndikapanda kuyankha?"

"Ndidzathyolanso chitseko."

"Ngakhale maluwa atafika?"

"Ngakhale atafika, bambo. Ndalonjeza."