Chigoba cha a Chimphamba

"Zimitsani wayilesiyo, chonde!" anakuwa a Stanislaus Chimphamba, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma wa ku Nsaru.

M'wodi ya chipatalamo palibe anawamvera. Wayilesi inali ya bambo wa pabedi loyandikana, ndipo iwo mwendo unali m'chikhakha. Mtsikana wowerenga nkhani ankapunthwa pa liwu lililonse la Chingerezi ngati ngolo m'miyala.

"Anamuphunzitsa ndani ameneyu? Ine wolankhula Chichewa m'kalasi ndinkamuveka chigoba cha nkhono m'khosi tsiku lonse. Ana ankatuluka akuthwa!"

Nkhani zitatha, mtsikanayo anatembenukira ku Chichewa.

"Lero ndi tsiku la aphunzitsi. Ine Tiyanjane Kalonga ndikupereka moni kwa a Chimphamba a ku Nsaru. Zaka zinayi zonse sanandivekepo chigoba."

Wodi yonse inaomba m'manja. A Chimphamba anamukumbuka. Kanali kamtsikana kokhala kumbuyo, kamene poopa chigoba sikanatsegulepo pakamwa m'kalasi, iwo n'kumakayamikira kuti n'kaulemu.

"Ndi wanu eti, aphunzitsi? Dikirani mumumve bwino," anatero mwini wayilesi, n'kuikweza.