Pampu Yobweza Madzi

Lamulo linali loti pampu ya nyumba iliyonse izizungulira mbali imodzi yokha, kukoka madzi a padenga kupita nawo kuthanki ya boma. Mwana wake Tiyese atayamba kutsegula m'mimba, Nasikelo anazula matiranzisita anayi m'wailesi yakale n'kuwalumikiza kuti pampuyo izithanso kubweza madzi.

"Bambo a Tiyese, mabatani awiriwa asadinidwe pamodzi," anachenjeza amuna ake. "Zonse zipsa."

Madzi atangoyamba kudontha m'ndowa, panja panamveka njinga yamoto. Bambowo, poyesa ndi oyendera mapampu, anathamangira kudina batani lotumiza madzi kuboma, chala cha Nasikelo chidakali pa lobweza. Panatuluka kautsi konunkha.

Njingayo inangodutsa. Inali ya wogulitsa tomato.

Nasikelo sanawayang'ane n'komwe amuna akewo. Anapendeketsa ndowa ija, koma madziwo sanadzaze ngakhale kapu ya mwana.