Tayala Lodyeka Mkati

Chiwongolero chinakokeranso kumanzere, Aufi n'kuchibweza ndi manja athukuta.

Galimoto yake yofiira yochokera ku Joni inkadziwika ndi liwiro m'Domasi monse. Koma dzulo lake, atapisa dzanja kuseri kwa tayala lakutsogolo, mawaya anamubaya chala. Kunja linkaoneka latsopano, mkati litadyekeratu. Makaniko anati mawilo apotoka, asaithamangitse mpaka akawongoletse ku Zomba.

Kumbuyo mkazi wake woyembekezera, Lukiya, anabuula, chitenje chitanyowa magazi.

"Pondani moto, bambo! Mwanayu sadikira kuti tifike kuchipatala."

Mlatho unali pafupi, ndipo chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Aufi anadzutsa phazi.

"Mwatani?" Lukiya anakuwa. "Popita kumpira mumauluka. Lero mukuyenda ngati mwanyamula maliro?"

Phazi la Aufi linabwerera pamoto.