Dzuwa la ku Tete m'Nkhokwe ya Kachewere

"Yalandira! Ababa, yalandira!" anakuwa Ivone, akudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi.

Purogaramu ya pa komputadori yake imadula chithunzi cha nkhokwe m'tizidutswa, n'kuwerengera kutentha kwa kachidutswa kalikonse. Koma funsau yake, lamulo lonena mmene dzuwa limawotchera khoma, purogaramuyo inkangoikana, mpaka lero pamene anaiveka chikuto, ndiko kuilemba m'njira imene purogaramuyo imaidziwa.

Chithunzi chinafiira psuu, kusonyeza kuti m'nkhokwemo mudzatentha kwambiri.

"Mzere umodzi wa njerwa uchepa, kachewere yense awola. Pafunika iwiri!" anatero Ivone.

Bambo ake, a Zeferino, anaomba m'manja. "Fakulidade, sukulu yapamwamba ija, sinapite pachabe!" Anamanga ng'ombe pangolo, uyo kukaonjeza njerwa, akuuza aliyense panjira.

Ivone anavinabe mpaka chisanu cha kwawo ku Lifidzi chinamuluma zala. Anaima, nayang'ana nkhungu panja. Atatsegula chikuto chija, anapezamo manambala a dzuwa lotentha la ku Tete, kumene amaphunzira, limene anaikamo pongoyesera.

Anaikamo dzuwa lakwawo. Kufiira konse kunatha: mzere umodzi unali wokwana.

Kumsewu ngolo inali kubwera yodzaza, a Zeferino akuimba dzina la mwana wawo.