Nsapato Zomata Zinadanitsa Munthu ndi Mlamu Wake

Panali bambo wina, kalaliki wa pa sitolo ya matayala, amene akuti anatha sabata ziwiri osaponda pansi chifukwa mlamu wake anamutchera msampha pa njinga. Ndi mmene mbiri inafikira ku saluni kwathu. Ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira, poti zapachibale timazidziwa, koma imvani mmene zinayendera.

Bamboyu anthu amangowatchula a Ndikudziwa, chifukwa usanamalize kulankhula iwo ayankha kale. Mimba itayamba kubisa lamba, analowa gulu la opalasa njinga Loweruka m'mawa, aja ovala zothina ngati masoseji. Anzawo onse anali ndi nsapato zomata, zija zokhala ndi kachitsulo kunsi, ukaponda pedalo n'kumva kha, phazi lagwidwa. Nawonso mtima unauluka.

Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, ndi makaniko wa njinga. Atamva anati, "Alamu, phazi limatupa mukamapalasa, ndiye gulani zokulirapo pang'ono. Kachitsuloko mubwere nako ndikumangireni kumbuyo kwa zala, paja phazi limatambalala. Sipuling'i ya pedalo ndiimasule, poti mukuphunzira kumene."

"Iwe ntchito yako n'kumata machubu," anatero a Ndikudziwa. "Za akatswiri wazidziwira kuti?"

Anakagula kwa munthu wachilendo wogulitsira m'buti ya galimoto. Atayesa anati, "Zikuthinatu izi."

"Zimatero bwana, nsapato ya katswiri imaluma. Imasuka yokha."

Kunyumba anadzitsekera kuchipinda n'kumanga okha kachitsuloko, kutsogolo kwenikweni pansi pa zala, ati mphamvu ili kuzala. Sipuling'i anailimbitsa mpaka kumapeto kuti phazi lisapulumuke. Lachisanu akazi awo, mwachifundo chawo, anakankhira njingayo kwa achimwene awo kuti akaione mabuleki basi.

Loweruka ola lisanathe, kuphazi kunayamba kutentha ngati aponda makala. Zala zinachita dzanzi. Mayi wina wa m'gululo, namwino, anawayandikira.

"Bambo, nkhope yanuyo ikunena zina. Imani mumasule zingwe."

"Ndikudziwa. Samalani zanu, mayi."

Atafika pa maloboti, nyali inafiira. Phazi lomata limachoka ukapotoza chidendene kunja, koma iwo ankangokokera m'mwamba. Phazi kukana. Anagwa chammbali ngati thumba la simenti, njinga ili pamwamba, kakolo khwi! Anthu a m'basi ina yoima pafupi anaseka mpaka misozi, kondakitala n'kufuula, "Madala, mwakwatirana nayo njingayo?"

Manyaziwo ndi amene anawapweteka kuposa kakolo. Ali pa sofa, phazi lili pa pilo, anakumbuka kuti njinga inapitako kwa mlamu. Analemba pa gulu la pafoni kuti makanikoyo anawakonzera dala mapedalo chifukwa cha nsanje. "Mfiti ya munthu, akufuna mlongo wake akhale wamasiye."

Kalanga ine, mbiri yoipa siichedwa. Pofika Lachitatu, a m'gulu anali atatenga njinga zawo zonse pakhonde la makanikoyo, zina zisanamangidwe n'komwe. Munthu wa ana anayi anayamba kumangothamangitsa ntchentche. Anapita kunyumba kwa mlamu wake maso ali gwa.

"Alamu, mwandiphera ntchito. Tulutsani nsapatozo anthu aone."

"Choka pakhomo panga, wakupha iwe!"

Nsapatozo a Ndikudziwa anali atazikankhira kuseri kwa wadirobu. Akazi awo anasiya kuwalankhula, chakudya ankangotula patebulo n'kutembenuka. Tsiku lina akusesa, tsache linakoka chingwe cha nsapato kuseri kwa wadirobu kuja. Mayiyo sanafunse munthu. Anakulunga yomata imodzi pamodzi ndi nsapato imodzi ya kuntchito ya amuna awo, ulendo kwa amayi ake.

M'mawa mwake apongozi anatulukira, makaniko ali pambuyo pawo, namwino uja naye ataitanidwa ngati mboni. A Ndikudziwa anayesa kudzuka, koma mwendo unakana. Apongozi anaika nsapato ziwirizo pansi moyandikana. Yomatayo inkaoneka ngati mwana wa inzake. Namwino anaitembenuza, n'kuomba m'manja.

"Kachitsulo pansi pa zala? Munthu ankapalasa chonyang'ama ngati mbala! Mwayi wake zala sizinafe."

Apongozi sanakweze mawu. "Bambo, ine ndinabereka ana awiri. Mmodzi mwamuwondetsa m'nyumba muno, winayu mukumupha ndi njala. Ndikufunsani kamodzi. Anamanga ndani?"

A Ndikudziwa anayang'ana bandeji, kenako denga. Sanamuyang'ane n'komwe mlamu wawo. Kwa apongozi okhawo ndi kumene mawu anatulukira, aang'ono ngati a mwanapiye.

"Ndinamanga ndine, amayi. Sipuling'i ndine ndemwe. Alamu anangogwira mabuleki."

Phunziro: Safunsa anadya phula. Nsapato ikakuluma usanachoke kwa wogulitsa, pamsewu idzakutafuna, ndipo chinthu chimene sunachiphunzire mpatse waluso akumangire, ngakhale akhale womata machubu. Koma choipitsitsa n'kugwa wekha n'kukokera wosalakwa m'matope. Tumizirani anzanu onse, makamaka a Ndikudziwa a m'nyumba mwanumo.