Nsomba za a Mongi

Najoua, woyendera makola a nsomba wochokera kuboma, anaima m'boti atagwira pepala. Nsomba za a Mongi zinapezeka ndi matenda, ndipo lamulo linati ziphedwe zonse.

"Amalume, sainani apa," anatero, maso ali pansi.

Mkuluyo anasuzumira m'khola. Kunatsala mwezi umodzi kuti azikolole.

"Mwana wa mlongo wanga, wandibweretsera cholembera? Amayi ako ankabwera ndi buledi."

"Tikazisiya zipatsira makola onse kuno ku Monastir."

"Ndikudziwa, mwanawe."

Anasaina. Kenako anamasula thumba la chakudya n'kuyamba kumwaza pamadzi. Nsomba zinatumphuka, kulimbirana.

"Amalume, izitu zikufa mawa."

A Mongi sanacheuke.

"Ndiye zife zili ndi njala?"